Mutu 7: Liwu Limodzi, Zigamulo Ziwiri

1. Mwana wa Bwana apepesa

Tsiku logamula mlandu wa Deon Lategan, Zuwena anajomba kusukulu. Anakwera takisi kuchokera ku Troyeville mpaka kumpoto kwa mzinda wa Joni, kumene kunali khoti. Anakhala pa benchi lakumbuyo, chikwama cha mabuku chili pamiyendo. Chinali chaka cha 1989, ndipo iye anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mlanduwo unali wa imfa ya munthu. Deon anagunda Che Ajibu ndi galimoto ataledzera. Che Ajibu anali mmisiri womanga nyumba wochokera ku Machinga, ndipo tsikulo ankangodziyendera m'mbali mwa msewu ku Fourways, ataweruka kuntchito. Anafera pomwepo, thumba la zipangizo lili paphewa.

Zuwena anaona zonse ndi maso ake. Bambo ake, Che Tawakali, ankasamala maluwa kunyumba ya a Lategan. Loweruka limenelo kunali phwando la nyama yootcha, ndipo Madamu anamuitanitsa mtsikanayu kuti adzatsuke mbale. Ankataya madzi pafupi ndi geti pamene galimoto inatuluka ngati yobedwa, n'kumuwomba munthu uja.

Deon anatsika akudzandira. Sanapite patali. Anapunthwa, nagwa chafufumimba, nkhope n'kumenya mwala wa pageti. Mano akutsogolo anatsala pamwalapo.

Che Tawakali anathamangira kaye kwa Che Ajibu. Atapeza kuti mzimu wachoka, anawatseka maso. Kenaka anapita kwa mnyamatayo, naika mutu wake pamiyendo pawo, n'kumamupukuta magazi ndi chipewa chawo. Mnyamata ameneyu anamudziwa ali kamwana. Chisoni chitawagwira, Chizulu chimene ankayankhula pantchito chinawathawa, pakamwa n'kutuluka chiyankhulo cha kwawo.

"Pepani, pepani, bwana wamng'ono," ankatero.

Wapolisi atafika anawapeza akubwerezabwereza mawuwo, ndipo anafunsa kuti akuti chiyani. Che Tawakali anayankha mwaulemu monga mwa nthawi zonse: "It means sorry, baas."

Tsono Bwana Lategan sanali munthu wamba. Kampani yake ndiyo inkamanga nyumba za boma, ndipo akuluakulu a chipani cholamula ankadya pakhomo pake. Loya amene anamulembera mwana wake anali katswiri woluka nkhani. Anaimirira m'khoti, nakonza mkanjo, n'kuyamba kuluka. Akuti wantchito wa m'maluwa ndiye anayamba kumumenya Deon kugaraja, atamudzudzula pa ntchito. Akuti mnyamatayo analowa m'galimoto pothawa, magazi ali m'maso, n'chifukwa chake sanamuone woyenda pansi. Umboni wake unali woti wantchitoyo anapepesa yekha pamaso pa wapolisi.

Alendo a paphwando paja, amene anamuona Deon akunyamuka nkhope ili bwinobwino, botolo lili m'manja, onse anadwala matenda oiwala. Mtsikana wotsuka mbale palibe anamufunsa.

Pomaliza Deon anaimirira atavala suti yakuda, nazyolika. "I am very sorry," anatero.

Woweruza anagwedeza mutu ngati bambo amene mwana wake wakhoza mayeso. Anati khoti laona kulapa kwenikweni, ndipo sichingakhale chanzeru kuononga tsogolo la mnyamata wa ku yunivesite chifukwa cha tsiku limodzi loipa. Anamugamula zaka ziwiri, koma zosakalowa m'ndende, bola asadzalakwenso. Faindi ya pamwamba pake bambo wake anailipira asanamalize ndudu.

Za mkazi wa Che Ajibu ndi ana ake ku Ntaja khoti silinafunse. Mtima wa Zuwena unawawa kwambiri, ndipo unawawa pawiri, chifukwa bambo ake anali m'ndende kudikira mlandu womenya mwana wa Mzungu. Mlanduwo unali woti uzengedwe Lachiwiri lotsatira.

2. Chenjezo la Che Mbaraka

Zuwena ndi bambo ake ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina yakale ku Troyeville. Mayi ake, omwe anali Mzulu, anamwalira iye ali wamng'ono. M'zipinda zoyandikana munkakhala Amalawi ena, ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga. Wamkulu wa onse anali Che Mbaraka, telala wa imvi amene ankatsogolera swala m'garaja Lachisanu lililonse.

Atabwerako kukhoti, Zuwena anawapeza akupalasa makina pakhonde. Anagwada, napereka moni, n'kunena chimene anabwerera.

"Agogo, Lachiwiri ndikufuna ndikawaikire umboni ababa."

Makina anaima. Che Mbaraka anadula ulusi ndi mano, navula magalasi.

"Abiti Tawakali, tsegula makutu, chifukwa sindibwereza," anatero. "Ine ndi bambo ako tinabwera Joni uno pa ndege ya Wenela, tili ndi mano onse. Tinakumba golide pansi pa nthaka mpaka chaka chija boma la kwathu linaitanitsa anthu ake onse a m'migodi. Anzathu anabwerera, ife tinatsala. Bambo ako anatsalira iwe, unali kamwana kongoyamba kuyenda. Ine ndinatsalira kupusa kwanga. Kuti titsale, tinavala mayina a eni. Pachitupa bambo ako ndi Julius Ndlovu wa ku Nongoma, koma Nongoma sanapondeko ngakhale kumaloto. Ine ndine Muzi Khumalo. Iwe wemwe kusukulu ndiwe Busi. M'bwalo lonse lino mulibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe. Tonse ndife Azulu osatha kuvina Chizulu."

Zuwena sanaseke. Che Mbaraka anapitiriza.

"Tsono iwe ukaima m'khoti, ukanena kuti bambo ako sanati sorry, anati pepani. Chabwino. Akufunsa kuti pepani n'chiyankhulo chanji. Uyankha kuti chiyani? Ukangotchula Malawi, bambo ako akwera kwelakwela ya apolisi, ulendo wa kumalire. Ndiye apolisi si ana. Afunsa kumene munthuyo amagona, adzagogoda zitseko zonsezi, chimodzichimodzi. Nkhuyu zodya mwana zimapota akuluakulu.

"Za chilungamo usandiphunzitse, ndinachiona ndili kumgodi. Mnzathu wina, Maliki, anatola waya wotayidwa kuti akamangire bedi lake. Anamupatsa zaka zitatu, anatuluka akutsokomola magazi. Chaka chomwecho kapitawo wina Mzungu anamenya munthu ndi chitsulo mpaka kufa. Khoti linati dzanja linaterereka. Anamusamutsira kumgodi wina, n'kumukweza udindo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwanawe. Deon wakhala pamkhate wa bambo wake, bambo wakeyo wakhala pamkhate wa boma. Ukaponya mwala khosweyo adumpha, chosweka chikhala chako."

Zuwena anadikira mpaka atatsimikiza kuti amaliza, pakuti analeredwa kuti wamkulu sadulidwa mawu.

"Ndamva, agogo," anatero. "Koma Che Ajibu munawasambitsa ndinu, nsanda munawaveka ndinu. Lero khoti lati anafa chifukwa cha ababa. Akazi awo ku Ntaja akamva kuti mwamuna wawo anaphetsedwa ndi Mmalawi mnzake, muwauza chiyani?"

"Zotsalazo n'za Mulungu."

"Mulungu yemweyo ndiye anandiika pageti paja, maso ali otsegula."

Che Mbaraka anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali atakwiya. Anavalanso magalasi aja, n'kuyamba kusaka singano imene inali m'dzanja lawo lomwelo.

"Mutu wouma uwu ndi wa mayi ako," anatero. "Dzina lobisikalo si lako, ndi la bambo ako. Pita ukafunse mwini wake. Akakana, iwe ukhale pansi."

3. Kuseri kwa waya

Lamlungu Zuwena anakaima pamzere wa anthu ozonda akaidi. Atalowa, anapeza bambo ake kuseri kwa waya, atawonda, ndevu zitatuwa. Mbali zonse anthu ankakuwa kuti amvane ndi abale awo.

"Sawubona, baba," anatero mokweza, kuti msilikali wa ndende amve. Kenaka anayandikira wayayo n'kutsitsa mawu. "Mwadzuka bwanji, ababa?"

"Ndadzuka, mwana wanga. Ukupita kusukulu?"

"Ndikupita."

Za tsiku limene anajomba sanazitchule. Anawafotokozera chigamulo cha Deon, ndipo Che Tawakali sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Wapolisi wina wandiuza kuti ndikavomera mlandu, woweruza andimvera chisoni," anatero. "Akuti miyezi yochepa chabe."

"Amene wakuuzaniyo ndiye akakhale m'ndendemo? Kumenya Mzungu mpaka kumugulula mano si miyezi, ababa, ndi zaka. Ine ndikufuna ndikanene zimene ndinaona."

Che Tawakali anagwira waya ndi manja onse awiri.

"Ngakhale zikhale zaka, zaka zimatha," anatero. "Mvera, mwana wanga. Ndende ya kuno ndikatuluka ndidzakupeza. Koma akandiponya kutsidya kwa malire sindidzakuonanso, pokhapokha iwe usiye sukulu unditsate. Kwathu ku Mangochi iwe sukukudziwa. Ine ndemwe ndinachokako ndili mnyamata. Makolo anatha, munda anagawana ena. Munthu wochokera ku Joni amafika ndi njinga ndi wailesi, ine ndikafika ndi unyolo. Ana a m'mudzi akandiseka mpaka kumanda. Ndiponso iwe watsala pang'ono kulemba matiriki. Mayi ako ndinawalonjeza ali pabedi la chipatala kuti mayeso amenewo udzalemba. Ndagwada m'maluwa a Mzungu zaka zonsezi kuti iwe usadzagwadire munthu. Tsono usadzuke m'khoti muja. Kwa eni kulibe mkuwe."

Misozi inalengeza m'maso mwa Zuwena. Ankawakonda bambo ake, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona. Anapukuta maso ndi mkono wa juzi.

"Ababa, mukavomera kuti munamumenya, ndiye kuti Deon ananena zoona," anatero. "Ndiye kuti Che Ajibu munawaphetsa ndinu. Zaka zonsezo muziswali bwanji mutasenza imfa ya mnzanu, imfa yoti si yanu?"

Che Tawakali anaweramitsa mutu. Phokoso la anthu linkapitirira, koma iwo ankangoyang'ana pansi.

"Ajibu tinkamasulira limodzi kusala mwezi wa Ramadani," anatero potsiriza. "Mbale imodzi."

Belu linalira. Msilikali anayamba kukankha akaidi kuti abwerere.

"Usabwere, Zuwena."

"Ndibwera, ababa. Ndidzakhala kumbuyo. Mukandikana pamaso pa woweruza, ndidzakhala pansi, sindidzachita makani. Koma mudzandikane mukundiyang'ana."

4. Mboni imene sinaitanidwe

Lachiwiri woweruza anali wina, nkhalamba ya magalasi pamphuno imene inkayang'ana wotchi pafupipafupi. A Lategan anakhala kutsogolo, bambo, mayi ndi mwana. Kumbuyo kunakhala Zuwena. Mlandu uli pafupi kuyamba, munthu wina anadzakhala pambali pake akupumira m'mwamba. Anali Che Mbaraka, atavala jekete, chisoti cha kumzikiti atachisiya kunyumba.

"Sindinabwere kudzakuthandiza," ananong'ona. "Ndabwera kudzakukoka diresi."

Che Tawakali analibe loya. Womasulira Chizulu atawawerengera mlandu, iwo anati akuukana. Zuwena anapumira pansi. Mawu ake a kundende aja sanapite pachabe.

Deon anapereka umboni wake, mano atsopano akuwala. Nkhani ya kugaraja ija anali atailoweza bwino. Wapolisi naye anabwera, nati woimbidwa mlandu anapepesa yekha popanda womuopseza.

Woweruza anatembenukira kwa Che Tawakali. "Ngati sunamumenye, unkapepesa chiyani?"

Che Tawakali anatsegula pakamwa, natsekanso. Yankho linali palilime, koma linali ndi Malawi m'kati mwake.

"Uli ndi mboni?"

"Ndilibe, bwana."

Che Mbaraka anagwiradi diresi lija. Koma nsalu siletsa munthu amene mtima wake waimirira kale. Zuwena anadzuka.

"Mboni ilipo, bwana woweruza," anatero m'Chingerezi cha kusukulu.

"Thula!" anakuwa wapolisi wa pakhomo m'Chizulu, kumuletsa kuyankhula.

Woweruza anakweza dzanja, nafunsa kuti iye ndani. Zuwena anati ndi mwana wa woimbidwa mlanduyo, ndipo analipo tsiku la ngozi. Woweruza anati mboni siidziitana yokha, nafunsa Che Tawakali ngati akumuitana.

Che Tawakali anatembenuka. Anamuyang'ana mwana wawo, mwanayo n'kuwayang'ananso. Khoti lonse linadikira. Kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

Zuwena analumbira kuti anena zoona zokhazokha. Anafotokoza za mbale, za madzi amene ankataya, za galimoto, za Che Ajibu, za mwala wa pageti. Atamaliza, loya wa boma anaimirira akumwetulira.

"Mwana aliyense amaikira kumbuyo bambo wake," anatero. "Koma bambo ako anati sorry. Wapolisi anamva. Ukukana?"

"Sanati sorry, bwana. Anati pepani. Sorry anangomupatsa wapolisiyo chifukwa Chingerezi chawo n'chochepa."

"Pali kusiyana kwanji?"

"Mwana akapunthwa payekha timati pepani. Munthu akadwala timati pepani. Tikapita pamaliro timagwira dzanja ofedwa n'kunena kuti pepani. Kodi ndiye kuti malemuyo tawapha ndife? Ndi mawu a munthu amene akumva chisoni poona mnzake akuvutika. Ababa anaona magazi a mwana amene anamunyamulapo ali wamng'ono."

Loyayo anafunsa womasulira ngati liwu limenelo lili m'Chizulu. Womasulira anakanda kumutu, nati iye sanalimvepo. Woweruza anasiya kuyang'ana wotchi.

"Nanga n'chiyankhulo chanji?" anafunsa.

Nthawi imene Che Mbaraka ananena ija inakwana. Zuwena akanatha kunena kuti ndi Fanakalo, chiyankhulo chosakaniza cha m'migodi, ndipo mwina akanadutsa nazo. Koma anali atangolumbira kumene, ndipo bodza limodzi likagwidwa likanagwetsa zoona zonse zimene ananena. Anachita mantha kwambiri.

"Ndi Chichewa, bwana."

"Cha kuti?"

"Cha ku Malawi."

Loya wa boma anayang'ana dzina la Julius Ndlovu pamapepala ake, nanong'oneza wapolisi, wapolisiyo n'kutuluka. Zuwena anaona zimenezo. Poti madzi anali atatayika kale, anatsanula ndi otsala omwe.

"Bwana woweruza, sabata yatha m'chipinda chomwe chino Deon anati sorry. Anapha munthu, koma khoti linati ali ndi mtima wabwino, apite kwawo. Ababa sanaphe munthu, sanamenye munthu. Anati sorry, ndipo agona m'ndende kuyambira tsiku limenelo. Liwu ndi lomwelo. Chasiyana n'chiyani?"

Woweruza anagogoda tebulo ndi cholembera. "Mboni imayankha mafunso, siifunsa," anatero. Nkhope yake inali itafiira mpaka m'makutu.

Komabe anaitanitsanso wapolisi woyamba uja. Anamufunsa kumene anawapeza anthu awiriwa. Wapolisi anati pageti. Anamufunsa ngati kugaraja anaonako magazi. Wapolisi anati sanapiteko. Anamufunsa kuti woimbidwa mlanduyo ankatani. Wapolisi anazengereza, kenaka anati anali atakhala pansi, mutu wa mnyamatayo uli pamiyendo pake, akumupukuta.

"Munthu amene wamenya mwana wa bwana wake amathawa," anatero woweruza, akulemba. Anagamula kuti umboni wa boma ndi wokayikitsa, ndipo mlandu womenya watha.

Musaganize kuti anamutchula Deon kuti ndi wabodza. Anati mwina mnyamatayo anasokonezeka ndi ululu, ndipo khoti likumumvetsa. Za mlandu wa Che Ajibu anati si wa lero. Kenaka anawonjezera, osakweza maso, kuti nkhani ya chitupa cha woimbidwa mlandu aione apolisi.

5. Pamasitepe a khoti

Che Tawakali anatuluka m'bokosi la akaidi ali mfulu. Ufuluwo unathera pakhomo. Apolisi awiri anali akudikira ndi unyolo.

A Lategan anadutsa pomwepo. Bambo ndi mwana sanayang'ane kumbali. Anakwera galimoto ya bamboyo, ulendo wa kunkhomaliro.

Zuwena anathamanga kuzungulira nyumba ya khoti mpaka kuseri, kumene kunaima kwelakwela. Bambo ake anali atalowa kale. Anaika zala pawaya wa zenera, misozi ikuyenderera.

"Ababa, ndakumangitsani ine."

"Leka zimenezo," anatero Che Tawakali. Mawu awo anali odekha, ndipo ankayankhula Chichewa mokweza, apolisi akumva. "Mutu ndinagwedeza ndine. Mlandu uja unali wa eni, wandichotsera. Uwu wokha ndi wanga, ndiuvomera ndi pakamwa panga. Andifunsa dzina m'katimu, ndawauza kuti Tawakali Saidi wa ku Mangochi. Lilime linali litaiwala."

"Nanga akakutumizani kwathu?"

"Ndikafika kaye ku Ntaja. Ndikawauza akazi a Ajibu mmene mwamuna wawo anafera, ndikuwayang'ana kumaso. Iwe mawa upite kusukulu. Ukandijombera tsiku lina, ndidzamva ndili komweko."

Galimoto inaliza injini. Zuwena anayenda nayo pambali mpaka pageti, ndipo wapolisi anamuchotsa dzanja pawaya. Anaimirira pamenepo mpaka inakhota.

Atabwerera kumasitepe a kutsogolo anapeza Che Mbaraka atakhala pansi, jekete lili pamiyendo. Ankaoneka okalamba kuposa m'mawa.

"Ndikunena pano apolisi akufunsa kumene bambo ako amagona," anatero. "Ndikupita kukauza anthu, aliyense aone kolowera. Ena akutukwana, mwanawe, ndipo usayembekeze kuti ndiwaletsa. Ali ndi ana nawonso." Anadzuka movutikira, atagwira bondo. "Koma chakudya uzidzadya kwathu. Wanena zimene ine ndakhala nazo m'mimba kuyambira masiku a Maliki."

Anatsika masitepe, nalunjika kokwerera takisi. Zuwena anatsala yekha. Bambo ake anawachotsera mlandu, koma iye madzulo amenewo anali woti akalowa m'chipinda mopanda munthu.

Galimoto yoyera inaima patsogolo pake. Galasi linatsika. Anali Madamu Lategan, ali okha, magalasi akuda ali kumaso.

"Busi, lowa," anatero Madamu. "Ndili ndi mawu okhudza tsiku lija. Mwamuna wanga asadziwe."

Zuwena anakoleka chikwama cha mabuku paphewa. Sanasunthe.

"Ngati ndi mawu a tsiku lija, Madamu, musandiuze ine m'galimoto," anatero. "Khoti ndi ili, silinatseke."

Madamu anayang'ana khomo la khoti, nayang'ananso msewu umene mwamuna wawo ndi mwana wawo anadzera. Manja awo anali atagwira chiwongolero zolimba. Kenaka anazimitsa injini.